A Zimba ndi Makalata a Eni

Mwezi wathawu tinapita kumudzi kwa a Zimba kukavundukula chiliza chawo. Abusa analalikira bwino, a kwaya anaimba, akubanja anathokoza. Koma ine ndinabwerako ndi kamtima kakuti sizinakwane, chifukwa aliyense amene anaimirira ankati malemuwo anali munthu wofatsa. Ine ndinakhala nawo khonde limodzi zaka zambirimbiri, ine ndi makina anga osokera mbali iyi, iwo ndi kompyuta yawo mbali iyo, ndipo ndikukuuzani kuti a Zimba sanali ofatsa ayi. Anali munthu wamakani amene ankadziwa kutseka pakamwa.

Anagwira ntchito ku positi ofesi mpaka kupuma. Atapuma anabwera pamsika wathu kuno ku Kaluluma n'kuchita lendi kachipinda koyandikana ndi kanga. Mwana wawo wa ku Lilongwe anawapatsa kompyuta yakale, yaikulu ngati sutikesi ya mkwatibwi, n'kuwaikira sola padenga. Nthawi imeneyo mafoni osisita ndi chala anali asanafike kuno, ndipo foni wamba inali ya anthu owerengeka. A Zimba anatsegula adiresi imodzi ya imelo n'kuilemba ndi penti yofiira pakhoma. Aliyense amene anali ndi m'bale ku Joni, ku Blantyre kapena ku Tanzania ankamuuza kuti azilembera pamenepo, ndipo pamutu wa kalatayo aziika dzina la mwini wake. M'mawa uliwonse a Zimba ankalumikiza intaneti, makalata n'kutsikira m'kompyutamo. Amene sankadziwa kuwerenga, kapena amene maso anali atafooka, ankawawerengera.

Kuwerengerako kunali ndi mwambo wake. Munthu akabwera, ngakhale ali wefuwefu, ankayamba amukhazika pabenchi. Ankamulonjera m'Chitumbuka chosakaniza ndi Chichewa monga timachitira kuno, kufunsa za ana, za mbuzi, za fodya kudimba. Kenaka ankavala jekete, kukonza tayi, n'kutembenuza sikirini kuti iyang'ane kukhoma. Akayamba kuwerenga sankadumpha kanthu. Ankanena amene watumiza, tsiku, ngakhale nthawi imene kalatayo inanyamuka. Munthu mtima uli m'mwamba kufuna kumva ngati mwana wake ali moyo, iwo ali pa nkhani ya tsiku. Wina akadandaula ankamuyankha kuti mlendo amayamba wanena kumene wachokera asananene chimene wadzera.

Pakati pa chipinda chawo ndi khonde langa panali zenera lopanda galasi. Sindibisa, makutu anga ndi akuthwa, ndipo telala amene sadziwa nkhani za pamsika ndiye kuti akusokera kumanda. Ndiye munthu akalowa kwa a Zimba, phazi langa linkangofooka lokha, makina n'kukhala chete. Iwo ankamva. Ankasiya kuwerenga pakati pa chiganizo n'kusuzumira pazenera.

"A NyaPhiri, makina afa?"

"Ndikulowetsa ulusi, bambo."

"Lowetsani. Tikudikirani."

Ndipo ankadikiradi, mwini kalata ali phee pabenchi, mpaka nditayambanso kuponda. Ndikuganiza kuti madiresi ambiri amene ndinamaliza msanga zaka zimenezo ndinamaliza chifukwa cha a Zimba.

Ankakonda kunena kuti ku positi envulopu inkathandiza munthu kukhala wokhulupirika, chifukwa kuti uone za eni unkafunika kung'amba. Koma makalata amakonowa amabwera osavala, ndiye envulopu yake iyenera kukhala munthu amene akuwasunga. Ine ndinkawauza kuti envulopu yoteroyo ndi yosasangalatsa kukhala nayo khonde limodzi. Tinakanganapo kwambiri tsiku lina mayi wina wogulitsa tomato atatuluka m'chipindamo akulira. Ndinafunsa mwaulemu, monga mnansi wofuna kuthandiza, kuti kwagwanji. A Zimba anayang'ana kumwamba n'kunena kuti mvula ya chaka chino ikuoneka kuti ichedwa. Ndinawanyanyalira masiku angapo, tiyi amene tinkamwera limodzi ndinkamwa ndekha nditawafulatira. Iwo ankangosiya chikondamoyo pamakina anga. Mayi uja ndi mnzanga mpaka lero, koma chimene chinamuliza sindikuchidziwa.

Analinso ndi makalata amene ankawatcha amasiye, amene mwini wake sankapezeka. Amenewo sankawatsegula ngakhale pang'ono. Tsiku la msika ankaima pakhonde n'kumaitana mayina mokweza ngati kondakitala. Chaka china nthawi yothyola fodya inafika kalata yolembedwa kuti "Kwa Nachigumu". A Zimba anaima ndi tayi yawo n'kufuula kuti Nachigumu ali ndi kalata. Msika wonse unafa nacho chiseko. Amayi onse ogulitsa zigumu anabwera ndi mabeseni awo, aliyense akuti ndi iyeyo. A Zimba anawafunsa mmodzimmodzi kuti ali ndi ndani kunja, ndipo palibe amene anayankha zogwirika. Anawabweza onse, koma anawagula zigumu kuti asapite okhumudwa. Anaitana dzina limenelo misika ingapo mpaka ana anayamba kuwatcha iwowo a Nachigumu, kenaka nkhaniyo inazizira.

Tsopano ndinene za Esinati, chifukwa amene akufuna kuwadziwa a Zimba ayenera kumva nkhani imeneyi. Esinati anali mwana wa matenanti a pa esiteti ina kuseri kwa dambo, anthu ochokera ku Phalombe. Anakondana ndi Yotamu, mnyamata wa m'mudzi wa pafupi, wolima kamunda kake ka fodya ndi chimanga. Akwawo kwa Yotamu anavomera, makolo a Esinati nawonso analibe chifukwa. Koma bambo ake ananena mosapita m'mbali kuti iwo ndi mkamwini chabe. Mwini mbumba ndi malume ake a Esinati, mlongo wa mayi ake, amene anali ku Joni. Popanda mawu a malumewo sakanasiya mwana wa eni ku Kasungu. Uthenga unatumizidwa kudzera mwa munthu wopita kumeneko, ndipo anadikira yankho miyezi, koma kunali zii.

Fodya anagulitsidwa, zigafa zinayera, ndipo lole yobweza matenanti kwawo inali itauzidwa kale tsiku. Banja la Esinati silinkabwereranso chaka chinacho. Aliyense ankadziwa kuti mtsikanayo akakwera loleyo ndiye kuti ukwati watha, chifukwa Phalombe si pafupi, ndipo kumeneko anyamata aliponso. Ine nsalu ya chinkhoswe ndinali nditadula kale. Esinati ankabwera kudzayesa maso ali ofiira, ndipo m'chiuno ndinachita kubweza kawiri chifukwa ankangowonda.

Mpamene anatulukira munthu wina wochokera ku Joni n'kunena kuti anakumana ndi malume aja. Akuti mawu awo anatumiza kalekale kwa mdala wa makalata wa ku Kaluluma, ndipo akudabwa kuti sanayankhidwe. Zimene analemba munthuyo sankadziwa, ndipo malumewo anali atasamukira kumafamu kumene foni yawo sinkapezekanso. Mayi ake a Esinati anafika kwa a Zimba thukuta lili kamukamu. Tsoka ilo, kompyuta inali itafa sabata yomweyo. Inangozima n'kutulutsa kafungo ka chinthu chopserera. Ndipo pulogalamu ya a Zimba inkati ikatsitsa makalata inkawachotsa kumene achokera, moti makalata onse a dera lino anali m'bokosi lakufalo basi.

Sindinawaonepo a Zimba atasokonezeka ngati tsiku limenelo. Ankangobwereza kuti dzina la bambo ake a Esinati silinafikepo, la mayi akenso ayi, akanaliona akanapalasa njinga okha mpaka ku esiteti. M'mawa mwake anakulunga kompyutayo m'bulangeti n'kukwera nayo minibasi ya ku Kasungu boma, mayi a Esinati ali pambali. Nane ndinakwera. Ndinati ndikukagula mazipi, ngakhale mazipi ndinali nawo odzaza chitini.

Ku boma kunali mayi wina wokonza makompyuta, a Tiyamike, amene a Zimba ankawakhulupirira. Anatsegula bokosilo, anagwedeza mutu, n'kunena kuti makinawo apita koma chosungira zinthu cha m'kati chili moyo. Anachizula n'kuchilumikiza ku kompyuta yawo. Atafufuza pang'ono anatilozera fayilo imodzi yaikulu.

"Makalata anu onse ali umu, bambo. Pulogalamu yanu inkangowalumikiza, ina ikatha ina n'kuyambira pomwepo."

"Onse m'fayilo imodzi?"

"Onse, kuyambira tsiku limene munatsegula. Chapafupi n'chakuti ndikopere fayiloyi m'kompyuta yanga, pulogalamu iwayale bwinobwino, tisankhe."

A Zimba anakana. Anati makalata a anthu sangagone m'makina a munthu wina, ngakhale munthuyo ndi wabwino chotani. A Tiyamike sanakwiye, ankawadziwa. Anangotsegula fayiloyo mmene inalili, ndipo pasikirini panadzaza mizere yosatha, makalata osokedwa pamodzi ngati masamba a fodya pa chingwe. Ine maso anali atagwira kale mawu akuti "mkazi wako uja", koma a Zimba anaphimba sikirini ndi chipewa ndisanamalize mzere. Anatuluka, anapita pagolosale yoyandikana, n'kubwera ndi katoni ya sopo. Anandipempha sizasi, pakuti telala sayenda wopanda sizasi, n'kudula chidutswa chokwana sikirini yonse. Pakati pake anaboola kampata kopingasa, kotalika ngati chala, kokwana mzere umodzi wokha. Anamata katoniyo pasikirini ndi selotepi.

A Tiyamike anaseka mpaka kugwira m'mimba, koma anawathandiza. Anawaonetsa kuti kalata iliyonse ili ndi mzere wa mutu, ndipo anakonza zoti akadina batani limodzi makina azidumpha kuchoka pamutu wina kufika pamutu wotsatira, mzerewo n'kumagwera pakampata paja. Poyamba anafufuza dzina la bambo a Esinati, la kusukulu la mayi ake, la mfunda, la Esinati mwini. Palibe chinatuluka. Ndiye panatsala njira imodzi, kuyenda mutu ndi mutu kubwerera m'mbuyo, a Zimba akuwerenga mokweza, mayi aja akumvetsera ngati pali dzina limene angalizindikire.

Zinatenga nthawi. Dzuwa linafika pamutu, ine njala itandigwira, mayina akungodutsa. Ena ndinkawadziwa, ndipo mtima unkandiyabwa kuti kuseri kwa katoniyo kuli nkhani zokwana chaka chathunthu. A Zimba ankangodina, kuwerenga, kudina. Kenaka ananena ndi mawu otopa, osayembekezera kanthu.

"Kwa Nachigumu. Ameneyu ndi wamasiye, tinamuitana mpaka kutopa."

Chala chawo chinali chitapita kale pabatani pamene mayi a Esinati anadziphimba kumaso ndi chitenje. Mapewa awo ankagwedezeka, ndipo sindinadziwe ngati akulira kapena akuseka. Zinali zonse ziwiri.

"Ndine, bambo. Achimwene okha ndi amene ankanditchula choncho tili ana. Ndinaba chigumu cha alendo."

Tonse tinaiwala kuti kwawoko mwini mbumba salembera mlamu wake nkhani ya mwana. Amalembera mlongo wake. Ndipo pa esiteti mayiwo palibe ankawadziwa dzina, anali make Esinati basi. Masiku amene a Zimba ankafuula pamsika, iwo anali m'chigafa kusoka fodya, chifukwa tenanti nthawi yothyola sadziwa kuti msika ndi liti. Malumewo nawonso anatumiza kalatayo kuchokera pa adiresi ya mnzawo wa kuntchito, dzina lachilendo, ndiye panalibe pogwira.

A Zimba anavula magalasi n'kupukuta nthawi yaitali. A Tiyamike anati tsopano adule kalata imodziyo, kuyambira pamzere wake woyamba kulekeza pamene yotsatira yayambira, aisunge payokha kuti pulogalamu ya makalata iitsegule bwino. A Zimba anavomera, koma anaimirira kumbuyo kwawo ngati woyang'anira mayeso, akusuntha katoni pang'onopang'ono kuti aone malire okha. Pepala litatuluka m'makina osindikizira analigwira chafufumimba n'kulipinda asanaliyang'ane. Kenaka anafunsa mayi aja ngati awawerengere pomwepo, pakuti kalatayo inali yawo.

Mayiwo anaganiza, kenaka anakana. Anati akamva okha, akuchimuna adzati mawuwo aphikidwa panjira. Awerengedwe onse ali pomwepo.

Mu minibasi ndinakhala pafupi ndi thumba la jekete mmene munali pepalalo. Ndinawanong'oneza kuti angosuzumira pang'ono. Nanga malumewo akakhala kuti akana, tisonkhanitse mabanja awiri kuti mwana wa eni achite manyazi pagulu? Sindinkanena chifukwa cha chidwi chokha, Esinati ndinkamumvera chisoni zenizeni. A Zimba anati mantha amenewo nawonso ali nawo, mwina kuposa ine, poti kalatayo inagona m'manja mwawo miyezi yonseyo. Koma mwini wake wanena mmene akufunira, ndipo iwo ndi wonyamula chabe. Atatero anandifunsa kuti mazipi aja ali kuti.

Mabanja awiriwo anasonkhana tsiku lotsatira masana pansi pa mtengo wa mango kwa a Yotamu, katundu wa matenanti ali womangamanga kale ku esiteti. Esinati anakhala kumbuyo kwa mayi ake atazolika. A Zimba anavala jekete, anakonza tayi, anafunyulula pepala. Ndipo taonani munthu wamakani, anayamba ndi amene watumiza, tsiku ndi nthawi, anthu akupuma theka. Malumewo anayamba ndi kulonjera mlongo wawo, kumufunsa ngati anasiya kuba zigumu. Anthu anaseka mwamantha. Kenaka anati za mwanayo amva, ndipo ngati mnyamatayo ndi wolima, wosamenya, iwo alibe mawu, amutenge. Anangopempha kuti azimulola kukaona kwawo akakolola. Amayi anayamba nthungululu, koma a Zimba anakweza dzanja kuti kalata sinathe. Anayamba mzere wotsatira, n'kulekeza pakati. Anayambiranso.

"Ine ndili kutali ndipo kumeneko tilibe wachibale. Ndamva kuti bambo amene amawerenga makalatawa satulutsa za anthu. Ngati angalole, aimirire m'malo mwanga, akhale nkhoswe ya mwana wathu."

Bambo a Yotamu anatembenukira kwa a Zimba n'kunena kuti, "Nanga mukuti bwanji, akuchikazi?" Apo ndiye anthu anagwa nacho chiseko. A Zimba anapinda pepala, analipereka kwa mwini wake ndi manja awiri, ananyamula mpando wawo kuchoka pakati pamene anakhala, n'kukauika mbali ya matenanti. Anangoti, "Yewo, ndalola." Lole inapita popanda Esinati, ndipo diresi lija ndinalimasulanso m'chiuno chinkhoswe chisanafike.

Unkhoswe umenewo anaugwira mpaka imfa. Esinati ndi Yotamu ndi anthu ngati ife tomwe, ankayambana. Ndinkawaona akulowa m'kachipinda kaja wina atatupa uku wina uku, ndipo ndisanaganize n'komwe zoimitsa phazi, mawu ankatuluka pazenera akuti, "A NyaPhiri, pondani makina." Amene anamutcha dzina mwana wawo woyamba ndi a Zimba. Kumaliro Esinati anakhala pamodzi ndi ana a malemuwo, ndipo pa chiliza paja ndi iye amene ankayendetsa za kukhitchini, akukalipira aliyense ngati mwana wa pakhomo.

Mafoni osisita atafika, benchi ija inayamba kukhala yokha. A Zimba sanadandaule, ankati ndi bwino munthu kumva mawu a mwana wake ndi khutu lake. Koma fayilo ija inkawasowetsa mtendere. Anabwereranso kwa a Tiyamike ndi katoni yawo, ndipo fayiloyo anaidula yonse, banja lililonse makalata ake. Anasindikiza, anaika m'maenvulopu, n'kuyenda pa njinga chilimwe chonse kuperekera eni ake, ku Njombwa komwe anafika. Atamaliza anatenga chosungira chija, anachiika pamwala kuseri kwa shopu, n'kundibwereka hamala. Ndinawapempha mwanthabwala kuti andisiyireko kalata imodzi yokha ya munthu amene anasamuka, yoti ndiziwerenga ndikakalamba. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kuchiphwanya chosungiracho ndi hamala ija.

Kachipinda kaja mwini nyumba sanapezebe wolowamo. Adiresi ya penti yofiira ikuonekabe pakhoma, ngakhale zilembo zina zinasuluka ndi mvula. Benchi inatsala, ndipo makasitomala anga ndi amene amakhalapo podikira zovala. Ndikasuzumira pazenera ndimaona tebulo lopanda kanthu, ndi katoni ya sopo ija ili pamsomali pamene ankapachika jekete, kampata kake kakuonetsa khoma. Masiku ano anthu amalankhula pa foni mokweza pakhonde pomwepa, za ngongole, za mitala, za matenda, ndipo nkhani zimandipeza ndisanazifune. Nthawi zina wina akayamba za m'nyumba mwake ndimapezeka ndaimitsa phazi monga kale. Ndimadikira pang'ono, pazenera sipatuluka mawu, ndipo ndimayamba kuponda ndekha.